Mwera Ukatseka Nyanja, Allah Satseka Makomo Onse

Chidule cha khutba ya Lachisanu

Kutamandidwa konse ndi kwa Allah, Mwini nyanja ndi mtunda, amene amatumiza mphepo ndi kuiletsa pa nthawi imene wafuna. Tikuikira umboni kuti palibe wopembedzedwa mwachoonadi koma Allah yekha, ndiponso tikuikira umboni kuti Muhammad ndi kapolo Wake komanso Mtumiki Wake. Madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, pa akubanja kwake ndi pa maswahaba ake onse.

Pambuyo pa izi, inu akapolo a Allah, tikudzilangiza ife eni poyamba, kenako inu, kuti timuope Allah poyera ndi mseri, pa nthawi ya zambiri ndi pa nthawi ya zochepa.

Abale ndi alongo athu m'Chisilamu, mzikiti wathu lero wadzaza kuposa masiku ena, ndipo chifukwa chake tonse tikuchidziwa. Mwera wakhala ukuomba kwa masiku angapo tsopano. Mabwato akokeredwa kumtunda, makoka a chilimira apindidwa, nyali zazimitsidwa, ndipo pa matandala palibe usipa woyanika. Amayi a geni ya nsomba amalawirira kugombe, nayang'ana mafunde, nabwerera kwawo ndi mabeseni opanda kanthu. Chaka ndi chaka, kuyambira mwezi wa Meyi kufikira Ogasiti, mphepo imeneyi imatikumbutsa kuti nyanja ili ndi Mwini wake, ndipo ife ndife alendo odyapo chabe.

Mwera si wokha umene umatipanikiza. Kumapeto kwa chaka boma limatseka usodzi wa makoka ena kuti chambo chiswane, ndipo pa nthawi imeneyo manja ambiri amasowa chogwira. Mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti, mitengo ya petulo, sopo ndi ufa inakwera. M'chaka cha 2024 nyanja inasefukira, nilowa m'nyumba ndi m'minda ya abale athu ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota. Pakati pathu palinso ena amene dziko lawo lachepa pa zifukwa zina: mayi wamasiye amene ali pa edda ya miyezi 4 ndi masiku 10, nkhalamba imene miyendo yakana kuifikitsa kumzikiti, mnyamata amene anamaliza sukulu koma ntchito sakuiona, ndi mtsikana amene akudwazika kholo lake usana ndi usiku. Onsewa ali ndi funso limodzi: moyo ukapanikiza chotere, kodi Msilamu akhale bwanji kuti mtima wake usafe iye akadali ndi moyo?

Njira ziwiri zolakwika

Masiku apitawa kunabwera kwa ife mayi wina, amene sitimutchula dzina. Iye anati: "Shehe, njala ine ndikhoza kuipirira, koma chimene chandilemera ndi nkhope ya bambo a ana anga. Akamapita kunyanja, m'nyumba mumamveka kuseka. Mwera ukangoyamba, ana amathawira kwa agogo awo." Mawu amenewa anatikhudza, chifukwa bamboyo si munthu woipa. Ndi munthu woswali, wolimbikira ntchito. Koma nyanja ikatsekeka, iye amatsekanso nkhope yake, ndipo nyumba yonse imakhala ngati pamaliro.

Pa nthawi ya kupanikizika anthu amasokera m'njira ziwiri. Woyamba ndi uja amene amathawa nkhawa zake pokazibisa m'zinthu za haramu. Tsiku lonse ali pa juga, kaya ya makadi kuseri kwa msika kaya ya kubetcha mpira pa foni, ndipo madzulo wapezeka pa kachasu kapena pa chamba. Akuluakulu anati chiswe chimalowa m'mphasa yongoimika. Wachiwiri ndi uja amene amaganiza kuti kuseka pa nthawi ya mavuto ndi tchimo, ndipo amayesa kuti tsinya ndilo chizindikiro cha kuopa Allah. Mwana akaseka amukalipira, mkazi akayamba nkhani amudula pakamwa. Woyamba wataya chipembedzo chake pofuna chisangalalo, wachiwiri wataya chisangalalo m'dzina la chipembedzo. Onsewa aphonya njira ya Mtumiki (S.A.W.), pakuti mu Surah Al-Baqarah, ayah ya 143, Allah watitcha mtundu wapakatikati.

Nyumba imene moto sunkayaka

Tiyeni tione mmene Mtumiki wathu (S.A.W.) ankakhalira. Mayi wathu Aisha (R.A.) anamufotokozera mwana wa m'bale wake, Urwa, kuti pankapita miyezi iwiri yathunthu moto wophikira osayaka m'nyumba za Mtumiki. Urwa atafunsa kuti nanga ankadya chiyani, mayi Aisha anayankha kuti tende ndi madzi basi, kupatula mkaka umene anthu oyandikana nawo a ku Madina ankawatumizira nthawi zina. Hadith imeneyi ili m'buku la Imam Bukhari. Ndani mwa ife, ngakhale mwera utakula chotani, amene wakhala miyezi iwiri osasonkha moto?

Komatu m'nyumba yomweyo ndi mmene munkakhala munthu amene swahaba Abdullah bin Al-Harith (R.A.) anachitira umboni kuti sanaonepo wina womwetulira kawirikawiri kuposa iye. Pa ulendo wina Mtumiki (S.A.W.) anachita mpikisano wothamanga ndi mayi Aisha, ndipo mayiwo anapambana. Patapita zaka anathamanganso, iye napambana, namukumbutsa mkazi wake moseka za tsiku loyamba lija. Anas bin Malik (R.A.) anali ndi mng'ono wake wotchedwa Abu Umair, amene ankaweta kambalame. Mtumiki, mtsogoleri wa mtundu wonse, ankapeza mpata womufunsa mwanayo za kambalame kake. Tsiku lina anatalikitsa sijida chifukwa mdzukulu wake anali atamukwera pamsana, ndipo sanafune kumutsitsa asanakhutire ndi masewera ake.

Taonani, abale athu, kuti pa zonsezi palibe chimene chinagulidwa ndi ndalama. Kuthamanga ndi mkazi wako, kucheza ndi mwana za kambalame kake, kubereka mdzukulu pamsana: izi n'zimene msodzi wopanda tambala m'thumba angathe kuchita lero lomwe akatuluka muno.

Mpumulo uli mkati mwa vutolo

Mu Surah Ash-Sharh, imene ndi surah ya 94, Allah wabwereza kawiri, mu ayah ya 5 ndi ya 6, lonjezo la kupepuka kwa zinthu pa nthawi ya zovuta. Ma ulamaa anatiunikira kuti liwu la Chiarabu limene lagwiritsidwa ntchito pamenepo limatanthauza "pamodzi". Ife timakonda kuganiza kuti mtendere udzabwera mwera ukadzatha, ngongole ikadzabwezedwa, ntchito ikadzapezeka. Koma Mbuye wathu akutiuza kuti tiyang'ane mkati mwa vuto lomwelo, chifukwa chifundo Chake chafika kale limodzi nalo.

Ife anthu a m'mbali mwa nyanja tiyenera kumudziwa bwino Mneneri Yunus (A.S.). Palibe malo opanikiza kuposa mimba ya nsomba, mu mdima wa pansi pa nyanja. Kumeneko analibe poimirira, analibe woyankhula naye, koma lilime lake linali lomasuka, ndipo anamutamanda Allah navomereza kulakwa kwake. Surah As-Saffat ikufotokoza kuti ataponyedwa pagombe ali wodwala, Allah anamumeretsera chomera choyanga cha mtundu wa maungu. Sanamumangire nyumba yachifumu ayi. Anamupatsa mthunzi wa masamba, ndipo mthunzi umenewo unamukwanira pa tsiku limenelo. Kawirikawiri chifundo cha Allah chimabwera chotero, chaching'ono ngati tsamba la dzungu, ndipo munthu amene maso ake ali pa nyumba yachifumu amachiponda osachiona.

Mtumiki (S.A.W.) anatiphunzitsa, m'hadith imene anailandira Imam Tirmidhi, kuti munthu amene wadzuka ali pamtendere pakhomo pake, thupi lake lili bwino, ndipo ali ndi chakudya cha tsiku limenelo, ali ngati wapatsidwa dziko lonse. Sanatchule chakudya cha chaka kapena cha mwezi, koma cha tsiku limenelo. Anatilangizanso kuti pa za dziko lapansi tiziyang'ana amene ali pansi pathu, kuti tisapeputse mtendere umene Allah watipatsa. Lero mafoni athu amationetsa magalimoto ndi nyumba za anzathu a ku Johannesburg ndi Cape Town, koma sationetsa misozi yawo ya usiku. Tikamayang'ana zimenezo tsiku lonse, kondowole wathu ndi chisoso zimayamba kuwawa m'kamwa, pamene dzulo tinkazidya mokondwa.

Chilichonse chipatsidwe gawo lake

Mtumiki (S.A.W.) atasamukira ku Madina, anamanga ubale pakati pa Salman Al-Farisi ndi Abu Darda (R.A.). Tsiku lina Salman anapita kukacheza kwa m'bale wakeyo, napeza mkazi wake atavala zosasamalika. Atafunsa chifukwa, mayiyo anayankha kuti mwamuna wake alibenso nazo ntchito za dziko lapansi. Abu Darda atabwera anakonza chakudya, nauza mlendo kuti adye yekha popeza iye anali pa swaumu ya sunnah. Salman anakana kudya kufikira mwini nyumba atadya naye. Usiku Abu Darda anafuna kudzuka kuti aswali, Salman namuuza kuti agone. Anateronso kachiwiri. Kutatsala pang'ono kucha ndi pamene anamudzutsa, naswali limodzi. Kenako Salman anamufotokozera kuti Mbuye wake ali ndi gawo pa iye, thupi lake lili ndi gawo, banja lake lilinso ndi gawo, ndipo aliyense apatsidwe gawo lake. Nkhaniyi itafika kwa Mtumiki, iye anavomereza kuti Salman wanena zoona.

Chimodzimodzi swahaba Hanzala (R.A.) anadziona ngati wachiphamaso, chifukwa akakhala pamaso pa Mtumiki mtima wake unkadzaza ndi za Akhera, koma akafika kunyumba ankatanganidwa ndi mkazi, ana ndi minda. Anapita kukadandaula limodzi ndi Abu Bakr (R.A.), ndipo Mtumiki anamukhazika mtima pansi pomuuza kuti pali nthawi ya ichi, palinso nthawi ya icho. Tsiku linanso Mtumiki anapeza chingwe chomangidwa pakati pa nsanamira ziwiri za mzikiti, chimene mayi Zainab (R.A.) ankagwirira akatopa ndi Swala za usiku. Analamula kuti chimasulidwe, nati munthu aziswali pamene ali ndi mphamvu, ndipo akatopa apumule.

Inu asodzi mukudziwa kuti bwato likalemera mbali imodzi limagubuduka, ngakhale katunduyo atakhala wabwino chotani. Moyo wa Msilamu ulinso chomwecho.

Ngakhale nyanja imafuna kupuma. Pa chilumba cha Mbenji ku Salima, kuyambira m'zaka za m'ma 1950, pansi pa ulamuliro wa Mfumu Makanjira, usodzi umatsekedwa mu Disembala n'kudzatsegulidwa mu Epulo, ndipo pachilumbapo mowa ndi juga n'zoletsedwa. Miyezi yotsekayo siitayika pachabe, chifukwa ndi imene imabweretsa utaka wa chaka chotsatira. Ngati makolo athu anazindikira kuti madzi ayenera kupuma kuti abereke, nanga bwanji thupi la msodzi limene limachezera usiku wonse likupalasa ndi kukoka? Mwina masiku a mwerawa ndi mphatso imene mkazi wako ndi ana ako akhala akuipempha kwa Allah, kuti akuone pakhomo dzuwa likulowa.

Tikunena mawu athuwa, ndipo tikupempha chikhululuko kwa Allah, chathu ndi chanu. Mupempheni chikhululuko, pakuti Iye ndi Wokhululuka, Wachisoni.

Khutba yachiwiri

Kutamandidwa ndi kwa Allah, ndipo madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki Wake.

Abale olemekezeka, tisatuluke muno ndi nkhani zokoma zokha. Tiyeni tigwirizane zochita.

Choyamba, tsiku lopanda ntchito lisakhale tsiku lopanda dongosolo. Allah anatipatsa kale mizati isanu yogawira tsiku. Ambiri a inu mukakhala pa usodzi wa usiku, Fajr imakupezani muli pamadzi, ndipo Dhuhr imakupezani muli m'tulo. Masiku ano mwapatsidwa mwayi woswali Swala zonse zisanu pa jamaa. Mukatha Fajr musathamangire kubwerera pamphasa. Khalani pang'ono pa zikiri, kenako imani pagombe muone dzuwa likutuluka, mumve nkhwazi ikulira. Mwakhala pa nyanjayi zaka zambiri mukuiyang'ana ngati munda. Iyang'aneninso ngati chizindikiro cha Mlengi.

Chachiwiri, manja apeze chogwira. Kuyambira m'mawa kufikira Dhuhr sokani makoka, matani ming'alu ya bwato, konzani denga lisanafike dzinja. Amene ali ndi dimba abzale mpiru, tomato ndi anyezi, popeza nyengo yozizirayi ndi yabwino pa ndiwo zamasamba. Mtumiki (S.A.W.) anatilangiza kuti ngakhale Qiyama itafika munthu ali ndi mbande m'manja, ngati angathe aibzale. Mayi Aisha anafotokozanso kuti Mtumiki akakhala pakhomo ankathandiza ntchito za m'nyumba, nasoka yekha chovala chake ndi nsapato zake. Mwamuna amene amasoka khoka la mamita ambiri sangalephere kuwaza nkhuni kapena kunyamula mwana pamene mkazi wake ali pamoto.

Chachitatu, banja lipatsidwe gawo lake. Idyani limodzi kamodzi pa tsiku, ngakhale ndiwo zitakhala nkhwani zopanda mafuta. Mtumiki anamuuza Sa'd bin Abi Waqqas (R.A.) kuti ngakhale nthongo imene munthu wamudyetsa mkazi wake pofuna chikondi cha Allah ili ndi malipiro. Bambo, mufunseni mwana wanu surah imene waphunzira ku madrasa, ndipo ngati akukuposani musachite manyazi kuphunzira kwa iye. Asimbireni ana mayina a mphepo za panyanja, mwera, mpoto ndi vuma, ndi mmene agogo awo ankadziwira nyengo poyang'ana mitambo. Inunso amayi, musamukumbutse mwamuna za umphawi wake nthawi iliyonse akalowa m'nyumba. Mphepo sanaiitane ndi iye.

Chachinayi, thupi ndi mtima zipatsidwe gawo lake m'zinthu za halali. Kapu ya tiyi ndi mbatata yootcha pamodzi ndi mnzako, bawo lopanda kubetcha limene silidutsitsa nthawi ya Swala, mpira wa anyamata pamchenga pambuyo pa Asr, kucheza kwa amayi akuluka mphasa: zonsezi zikachitika m'malire a Shariah, ndi cholinga chopezanso mphamvu yomutumikira Allah, munthu amalipidwa nazo.

Chachisanu, chisangalalo chimakula ukachigawa. Kumwetulira pamaso pa m'bale wako ndi sadaka, monga anatiphunzitsa Mtumiki, ndipo sadaka imeneyi ngakhale wosauka angaithe. Pitani mukaone nkhalamba imene yasiya kuoneka pa safu yoyamba. Alongo athu, musamusiye yekha mayi amene ali pa edda. Kamuchezereni, mukamuthandize kutunga madzi. Inu eni makoka ndi mainjini amene Allah wakupatsani zochulukirapo, kumbukirani anyamata amene amakukokerani chilimira. Thumba limodzi la ufa pa sabata ya mwera silingakusaukitseni, koma likhoza kusunga banja la mnzanu.

Tichenjezanenso pa zinthu zitatu. Juga yaletsedwa mu Surah Al-Maidah, ayah ya 90, pamodzi ndi zoledzeretsa, ndipo kuisamutsira pa foni sikuisandutsa halali. Katapira ndi riba. Amakupumitsa sabata imodzi n'kukumanga chaka chonse, mpaka khoka kapena njinga kulandidwa. Ngati zathina, pemphani ngongole yopanda chiwongoladzanja kwa m'bale, mulemberane monga Qur'an ikulamulira. Chomaliza, a zanyengo akalengeza pa wailesi kuti kunyanja kuli mwera, musakankhe bwato n'kumati mwayadzamira kwa Allah. Kuyadzamira kwenikweni kumayamba ndi kumanga ngamira, monga Mtumiki anamuuzira munthu amene anafuna kuisiya yosamanga. Taika m'manda anyamata okwanira, ndipo ena matupi awo sitinawaone. Sunga khosi, mkanda woyera udzavala.

Pali chinthu chimodzi chimene sitiyenera kuchibisa. Alipo ena amene chisoni chawo chapitirira malire a nkhawa wamba. Masabata akupita munthu osagona, osafuna kudya, osafuna kuona anthu, mwinanso kuyankhula zoti kuli bwino atangofa. Munthu wotere musamunene kuti imani yake yachepa. Mtumiki (S.A.W.) mwini wake anadutsa m'chaka chimene chimatchedwa Chaka cha Chisoni, pamene anataya mkazi wake Khadija (R.A.) ndi bambo ake aakulu Abu Talib, atangotuluka m'zaka zitatu zosalidwa ndi Aquraish m'chigwa cha ku Makka, kumene anthu anafika podya masamba a mitengo. Chisoni si ukafiri. Mukamuona m'bale ali chotero, khalani naye pafupi, mumvetsereni, musamusiye yekha, ndipo muperekezeni kuchipatala, chifukwa matenda a maganizo ali ndi chithandizo monga malungo. Dua ndi mankhwala siziombana. Ndipo iwe m'bale amene ukumva mawuwa nudziwa kuti akukhudza iwe, khomo lathu ndi lotsegula. Bwera tidzakhale pansi. Mutu umodzi susenza denga.

Bambo uja amene mkazi wake anabwera kudzadandaula mwina ali muno, ndipo si mmodzi. Sitikumupempha kuti aletse mphepo, pakuti zimenezo si zake. Tikumupempha kuti lero akafika pakhomo apereke salamu mokweza, amwetulire, aitanitse ana kwa agogo awo, adye nawo chimene chilipo.

O Allah, tipatseni mitima yokhutira ndi malilime oyamika. O Allah, tidalitsireni zochepa zimene tili nazo, ndipo titsegulireni makomo a riziki la halali. Atetezeni abale athu panyanja ndi pamtunda, achizeni odwala athu, atonthozeni amasiye athu, ndipo akhululukireni amene anatsogola. Ikani chikondi ndi chisoni m'nyumba zathu pa masiku a bata ndi pa masiku a mwera. Tipatseni zabwino pa dziko lino ndi zabwino pa tsiku lomaliza. Ameen.

Inu akapolo a Allah, mukumbukireni Allah ndipo Iye adzakukumbukirani. Muyamikeni ndipo adzakuonjezerani. Imani tiswali.